Nsapato Kusinthana ndi Foni

Mayi wina anali atakhalira nsapato za mwamuna wake pampando, ndipo analibe maganizo odzuka.

"Foni kaye," anatero. "Nsapato pambuyo."

Mwamunayo, dalaivala wa lole, anaima pakhomo ndi masokosi okha. Anadandaula kuti akuchedwa, komanso kuti abwana amamuimbira pafoni yomweyo. Mkazi wake anamuponyera kafoni kake kamabatani, nati abwanawo mawu awo akwana m'menemo.

Nkhani inali ya mwana wawo wamkazi. Ankangogwa mwadzidzidzi, thupi gwa, maso atatembenuka. Koma akafika naye kuchipatala, mwana uja ankaseka n'kumakwera mipando. Ankamuyeza malungo, osawapeza, n'kuwabweza chimanjamanja. Namwino wina ndiye anamukokera pambali mayiyo: dokotala sangapereke mankhwala amphamvu pa zimene sanaone. Zikadzayambanso amugoneke chammbali, asamuike kanthu m'kamwa, ndipo ajambule kanema pafoni.

"Koma musakatsegule mauthenga anga," anatero bamboyo, akupereka foni ngati akuzulidwa dzino.

"Ndiwawerenga ndi sukulu iti? Ndionetseni pofinya basi."

Anamuonetsa kadontho kofiira. Masiku otsatira mayiyo anajambula ndowa, tsache ndi mapazi ake, mpaka dzanja linazolowera. Foni inkakhala m'thumba la diresi, ngakhale popita kubafa.

Zinachitika masana, iye akuchapa. Anamva phi! pakhonde. Apongozi ake anali atathamanga kale ndi supuni yoti alowetse m'kamwa mwa mwanayo. Mayiyo anailanda n'kuiponya kutali, anamugoneka mwana chammbali, napukuta thovu la sopo pamalaya. Manja ankafuna kunyamula mwana, osati foni. Anafinyabe.

"Mwana akufa, iwe ukupanga kanema?" analira apongoziwo.

"Amayi, muikireni nsalu kumutu. Kunditukwana mumaliza pambuyo."

Anajambula, misozi ili chuchuchu, mpaka thupi la mwanayo linafewa.

Kuchipatala dokotala anayamba mafunso ake akale aja. Mayiyo anangoika foni patebulo.

"Lero sindilongosola. Onani nokha."

Dokotala anaonera, nabwereza. Kenako anamulozera mayiyo chimene iye mwini sanachizindikire: dzanja lamanja la mwanayo ndilo linkayamba kunjenjemera thupi lonse lisanaume. Anatumiza kanemayo kwa katswiri wa kuchipatala chachikulu, ndipo yankho linabwera mayiyo asanamalize kumuveka mwana juzi. Anali matenda akugwa, ndipo mankhwala ake analipo.

Dokotala anapemphanso kuti kanemayo asungidwe pa kafukufuku wothandiza ana ena. Mayiyo anapinda manja ngati ali pamsika. Anati nkhope ya mwana wake isayende m'mafoni a anthu. Dokotala anavomera. Mayiyo anatinso akajambula zina azingotumiza ali kunyumba, osadzaimanso pamzere ndi mwana kumsana. Dokotala anaseka, nampatsa nambala ya namwino uja.

Madzulo mwamunayo anapeza botolo la mankhwala patebulo, apongozi aja akulilondera ngati analipeza ndi iwo. Bamboyo anamunyamula mwana wake nthawi yaitali. Kenako anatambasula dzanja.

"Ndiye foni ija?"

"Yalembedwa ntchito kuchipatala. Kamabatani kaja kakukhalani bwino."

Bamboyo anayang'ana mkazi wake, nayang'ana mwana. Anavula nsapato, naziika m'khwapa, n'kulowa nazo kuchipinda.