Chithunzi Chachiwiri

"Chotsa chimenecho patebulo panga," anatero ababa, osatembenuka n'komwe. "Ndati supita, basi."

Monalisa sanachotse. Anangokankhira laputopu yake pakati pa tebulo, pambali pa timadengu tanga ta sitiroberi, n'kukhala pampando ngati munthu amene sanamve kanthu. Mng'ono wangayu makani anachita kuyamwira. Ine ndinapitiriza kusankha zipatso zokagulitsa kumsewu wokwera Phiri la Zomba, koma makutu ali tcheru, chifukwa anthu awiriwa akayambana sindinkafuna kuti liwu ndi limodzi lomwe lindipite.

Nkhani yake inali iyi. Monalisa anali atamaliza maphunziro a sayansi ku yunivesite ya mumzinda wathu uno, ndipo anamuitana ku Cape Town kuti akaphunzire za zinthu zakuthambo. Amalume, eni mbumba, anali atavomera kale. Chinatsala ndi mawu a ababa okha, ndipo iye analumbira kuti sakwera basi asanawamve. Ndinkamudziwa bwino mtsikanayu. Mwayi wonsewo akanautayadi, n'kukhala pakhomo kumandithandiza kusankha zipatso ali ndi digiri yake.

Ababa athu, a Yakobo, anakalambira pansanja yoyang'anira moto pamwamba pa phiri, akulondera nkhalango ya paini. Maso awo anali otchuka kuyambira kwa odula mitengo mpaka kwa amayi otola nkhuni. Koma analinso ndi chilonda: achimwene awo, a Douglas, anapita ku Joni ali mnyamata ndipo sanabwerenso. Tonse tinkaganiza kuti chimene chikuwakanitsa ndi chimenecho.

"Ku Joni kunameza a Douglas," anatero. "Nawenso ukufuna ukatchone? Ukatchonere nyenyezi? Kuno ku Chikamveka zatha nyenyezi?"

"Si nyenyezi, ababa. Ndi chinthu china. Dzina lake ndi Sedna. Ndi chimpira cha madzi oundana, chofiira ngati dothi la katondo, ndipo chili kuseri kwa mapulaneti onse amene tikuwadziwa."

"Madzi oundana basi?" ndinalowerera ine. "Mufiriji ya a Magret apa ali mbwee. Pita ukaone, sakulipiritsa."

"Achemwali a Pempho, inu sankhani zipatso zanuzo."

Anatenga sitiroberi imodzi yophwanyika n'kuyamba kujambula nayo patebulo. Pakati anaika kadontho, nati ndi dzuwa. Anazunguliza timizere mozinga kadonthoko, nati mapulaneti amayenda chonchi, ngati mbuzi yomangidwa pachikhomo. Kenako anakoka mzere wina wautali, wowonda ngati nkhaka, umene unachoka pafupi ndi timizereto n'kukafika kumapeto kwa tebulo, mpaka dzanja lake linaperewera.

"Njira yake ndi iyi. Kuti chizungulire dzuwa kamodzi kokha, zimapita zaka zoposa zikwi khumi. Pamene chinayandikira komaliza, padziko lonse panalibe munthu wolima chimanga. Ndipo palibe amene akudziwa chimene chinachikokera m'njira yotereyi. Ena akuti kalekale nyenyezi ina inadutsa pafupi. Ena akuti kuli pulaneti lina lalikulu limene sitinalionebe. Kuti tidziwe, tiyenera kupeza zinzake. Ine ndikufuna ndikakhale mmodzi wa ofunafunawo."

Ndinasiya kusankha. Mwana amene ndinkamubereka kumbuyo, wamamina uja, lero akunena za zaka zikwi khumi ngati akunena za ulendo wa ku Songani! Ndinamunyadira, ngakhale sindinamuuze, kuopa kuti angatukumuke.

"Nanga chinthu chakutali chotero amachiona bwanji?" anafunsa ababa, akuyang'anabe kukhoma.

"Amajambula malo amodzi a kuthambo ndi makina oonera kutali. Pakapita nthawi amajambulanso malo omwewo. Ndiye amasinthanitsa zithunzizo, ichi, icho, ichi, icho. Nyenyezi zonse zimakhala pomwepo. Kadontho kamene kasuntha, ndi komweko."

Apa ababa anatembenuka ndi mpando womwe.

"Imeneyotu ndi ntchito ya pansanja," anatero pang'onopang'ono. "Ukakwera m'mawa, usanayambe n'kumwa tiyi komwe, umayamba watenga phiri. Tinkatero ife, kutenga phiri. Umaliyang'ana lonse, kuyambira kumanzere, chigwa ndi chigwa, mtengo ndi mtengo, mpaka likhale m'mutu. Tsiku lonse umangofananiza phiri la m'mutu ndi phiri la kutsogolo kwako. Pamene pasintha, moto uli pomwepo."

"Ndiye bwerani muone nokha, ababa. Zithunzi zimene anachipezera ndili nazo apa."

Ababa anayang'ana laputopuyo, kenako anayang'ana kumbali. "Muno muli mdima. Mawa tikwere kunsanja, ukandionetse komweko."

M'nyumbamo munali mowala bwinobwino, dzuwa lili paliwombo. Koma sitinatsutse.

M'mawa mwake tinakwera pa njinga zamoto. Inali nyengo yotentha, udzu uli gwa, paini akununkha utomoni. Titafika patsinde pa nsanja, ababa anakana kukwera makwerero, ati mawondo. Anaima pamwala, chifuwa patsogolo, n'kuyamba kutilozera dziko lawo.

"Uko ndi ku damu la Mulunguzi. Apo ndi pamene unabuka moto waukulu chaka chimene anabadwa Pempho. Utsi uli ndi muzu, ana inu, umachokera pamalo amodzi. Nkhungu ilibe muzu, imangoyandama." Anapumira m'mwamba mokhutira. "Lero phiri lili phee. Kulibe utsi ndi pang'ono pomwe."

Ine ndi Monalisa tinayang'anana. Kumunsi kwathu, chakumanja pang'ono, utsi woyera unali kukwera kuchokera m'chigwa, wowongoka ngati mtengo wa bulugamu. Ngakhale mwana akanauona. Nthawi yomweyo mlonda wa pansanjapo anayamba kufuula m'wailesi yake, akutchula dzina la chigwacho.

Ababa anamva. Anatembenuza mutu uku ndi uko, akufunafuna, mpaka maso awo anaupeza utsiwo. Kenako anakhala pansi pamwalapo, mapewa atagwa. Sindinawaonepo ali aang'ono chotero, ndipo mtima unandipweteka.

"Ababa," anatero Monalisa, "zayamba liti?"

"Dzinja lathali ndinapita kuchipatala ndekha. Akuti si ng'ala yoti angapale. Akuti mtsempha ukufa, mankhwala angochedwetsa." Anapinda dzanja n'kuliika padiso. "Ndikuona ngati munthu wosuzumira m'nsungwi. Pakati pokha. Ndipo nsungwiyo ikunka nichepa."

"Bwanji osatiuza?" ndinakalipa ine, misozi ili m'maso. "Ife ndife alendo kwa inu?"

"Yakobo wa pansanja auze anthu kuti sakuona?" Anapukusa mutu. "Monalisa, za a Douglas ndimangonamizira. Iwe sungatchone, ndikukudziwa. Koma ukamadzabwera, ndidzakuona ndi chiyani?"

"Ndiye sindipita," anayankha Monalisa msangamsanga. "Nkhani yatha."

Ababa anamvetsera phokoso la anthu ozimitsa moto kumunsi kuja. Kenako anati, "Tandionetsa kaye chinthu chakocho. Takwerera chimenecho."

Monalisa anatsegula laputopu pamthunzi wa nsanja. Pagalasi panadzaza timadontho toyera, ngati ufa womwazika pansalu yakuda. Anayamba kusinthanitsa zithunzi. Ine ndinayang'anitsitsa mpaka maso kuwawa, osaona kalikonse. Ababa anayandikiza nkhope, akuyendetsa mutu kuyambira kumanzere monga mwa ntchito yawo, koma galasilo linawakulira. Pamenepo Monalisa anagwira chala chawo cha mkombaphala, chala chokhakhala chija, n'kuchiika pansi pa kadontho kena.

"Yang'anani pamwamba pa chikhadabo chanu. Ichi. Icho. Ichi. Icho."

"Ndakaona!" anafuula ababa. "Kakudumpha ngati nthata! Pempho, bwera udzaone, aka!" Anaseka mpaka kutsokomola. "Abale inu, kanthu kakang'ono chonchi, kali kokhakokha mumdima monsemo, kakuyenda ulendo wake osafunsa munthu njira. Kumeneko dzuwa kamaliona?"

"Kumeneko dzuwa limaoneka ngati nyenyezi yowala kwambiri basi. Silitenthanso."

"Koma kamabwerako?"

"Kamabwerako, ababa. Kamapita kutali koopsa, koma dzuwa limakakokabe."

Ababa anachotsa chala pagalasi. Anakhala nthawi akusisita chibwano.

"Ndiye ukuti kuli tinzake timene palibe anationa?"

"Tiyenera kukhalako tambiri."

"Ndipo iwe maso uli nawo, koma ukufuna ukhale pakhomo uziyang'anira nkhalamba." Anadzuka. "Taimirira. Ima apa, dzuwa likuwale kumaso. Usagwedezeke."

Monalisa anaima. Ababa anamuyandikira kwambiri, n'kuyamba kumuyang'ana kuyambira kumanzere. Khutu. Tsitsi la pamphumi. Chipsera cha pansidze chimene anachipeza atagwa mumtengo wa mapeyala. Mphuno ya malemu amayi. Mpata wa m'mano. Anayenda pang'onopang'ono, chigwa ndi chigwa, osaphethira, ndipo ine ndinazindikira chimene ankachita. Ndinatembenukira kumbali n'kudzipukuta ndi chitenje.

"Basi," anatero pomaliza. "Chithunzi choyamba ndatenga. Pita. Ukadzabwera ndidzatenga chachiwiri."

Anapita sabata yomweyo. Ankaimba foni pafupipafupi, ndipo ababa sankafunsa za chakudya kapena za kuzizira ngati makolo ena. Funso lawo linali limodzi: "Kasuntha kena?" Akayankha kuti ayi, iwo ankati, "Usatope. Ine ndinkatha nyengo yathunthu osaona utsi." Nsungwi ija inapitiriza kuchepa. Chaka chachitatu inatsekeka.

Monalisa anabwera chaka chotsatira, masana, mvula itangokata. Ababa anali pakhonde, atavala jekete lawo la kutchalitchi kuyambira m'mawa. Atamva chikwama chikukhukhuluzika pabwalo anaimirira okha, osafuna kuti ndiwagwire.

"Ima apa," anatero. "Usagwedezeke."

Monalisa anavula magalasi amene anali atayamba kuvala, n'kundipatsira. Ababa anakweza manja onse awiri, nayambira kumanzere. Zala zinapeza khutu, zinakwera pamphumi, zinaima pachipsera chija.

"Ichi chili pomwepo. Ichinso chili pomwepo." Zinatsikira pamphuno, kenako zinabwerera m'mwamba pang'ono, pakati pa maso, pamene magalasi anasiya timaenje tiwiri. Zinaima.

"Apa," anatero ababa. "Apa pasintha."

"Ndi magalasi, ababa. Kuyang'ana timadontho tsiku ndi tsiku."

"Eya," anatero, nkhope yonse ikumwetulira. "Ntchito ya pansanja."

Chala chawo cha mkombaphala sanachichotse. Chinakhala pomwepo, pakaenje kakang'onoko, misozi ya Monalisa ikuchizungulira mbali zonse ziwiri.