Phazi Lamanzere la Mainess

Mainess ankadziwa kusankha tomato ndi maso okha, koma mapazi ake sankamva za lefuti ndi raiti. Ichi sichikanakhala mlandu chikanakhala kuti a Lyford, tcheyamani wa Chipani pamsika wa Chongwe, sanamve kuti mlendo wamkulu akubwera kuchokera ku Lusaka. Analamula kuti amayi onse amumsika adzagube pamaso pa mlendoyo, ndipo wosokoneza mzere adzalandidwa benchi. Mainess anali wamasiye, ndipo benchi ya tomatoyo ndiyo inkadyetsa ana ake.

Tsiku loyamba kuyeserera anaponda anzake atatu. A Lyford anavula magalasi, omwe ankavala pofuna ulemu basi, nkugamula kuti aliyense akhale ndi mnzake. Cholinga chawo sichinali chifundo ayi. Ankafuna kuti wina azimuneneza mnzake akajomba. Mainess anamupatsa Selestina, mayi wa ku Katete wogulitsa tinsomba ta kapenta, wapakamwa ngati wailesi.

"Ba Mainess, imwe mumayenda bwanji kubwera kumsika?" anafunsa Selestina ataona mnzakeyo akupunthwa pabwalo losalala.

"Niyenda chabe. Koma akakuwa lefuti, mendo yonse ikhala yachilendo."

"Mailo nibwera kwanu na munsi wanga."

M'mawa mwake anabweradi. Anathira chimanga mumtondo, naimirira wina uku wina uku. Selestina akatsitsa munsi ankafuula lefuti, Mainess akatsitsa wake nkuyankha raiti. Kenaka ankasiya minsi nkumaponda pansi momwemo, fumbi koboo, nkhuku zili balala. Chimwalirire mwamuna wake, Mainess anali asanasekepo mpaka kugwira nthiti, koma masiku amenewo anaseka. Ankasinja, kuguba, nkukhala pamthunzi kudya mbatata, uku akukambirana zomwe sankauza munthu wina aliyense. Mtima wake unapepuka.

A Lyford ankaitana aliyense payekha kuseri kwa msika kuti amve zolakwa za mnzake. Selestina ankati Mainess ndi msilikali weniweni. Mainess ankati Selestina ngakhale kutulo amaguba. Bamboyo ankabwerera ali khuma, poti anatchera msampha nkukola ubwenzi.

Tsiku lija linafika. Amayi anandanda m'mbali mwa msewu waukulu atavala zitenje za Chipani, dzuwa likuwotcha, mlendo nkufika mochedwa monga achitira akuluakulu. A Lyford anaima kutsogolo, chifuwa tunu, naliza wezulo. Mainess ndi Selestina anali pambuyo pawo penipeni.

Mainess anagwira kayendedwe bwino lomwe, osaphonya. Koma anaphunzirira pamtondo, ndipo pamtondo anthu awiri satsitsa minsi nthawi imodzi. Selestina akaponda ndi lamanzere, iye ankadikira mwaulemu nkuponda ndi lamanja. Atayang'ana pansi anaona kuti wosemphana ndi anzake mumzere wonse anali iye yekha. M'maganizo anaona benchi yake ikupita, tomato akuwolera m'dengu kunyumba.

"Osasintha, ba Mainess," ananong'ona Selestina. "Nibwera kwamene muli."

Anadumpha kamodzi nkugwirizana naye phazi. Awiri apambuyo pawo, poona kuti akutsogolo asintha, anaganiza kuti ndi lamulo latsopano. Masiku amenewo lamulo sankalifunsa kochokera, choncho nawonso anadumpha. Kudumphako kunayenda mpaka kumchira kwa mzere. Pofika pamaso pa mlendo, amayi onse amsika wa Chongwe ankaguba ndi phazi la Mainess, mogwirizana mochititsa kaso. Wosemphana nawo anali mmodzi yekha, wa wezulo, yemwe sankacheuka chifukwa mtsogoleri sayang'ana kumbuyo.

Mlendo anawomba m'manja, nakodola a Lyford.

"Ba Tcheyamani, azimayi anu ni akatswiri. Nanga munachita bwanji?"

"Ninabapasa aliyense munzake, bwana. Ni nzelu zanga."

"Zabwino maningi. Manje imwe munzanu anali ndani? Chifukwa ndimwe mweka mwasokoneza."

M'mawa mwake Mainess anayala tomato pabenchi yake monga mwa masiku onse, Selestina ali pambali kupunga ntchentche pa kapenta. A Lyford anadutsa osapenya kumbali, magalasi ali m'thumba. Zoti wosokoneza mzere alandidwe malo sanazitchulenso. Mainess anawamvera chisoni pang'ono, pakuti ankadziwa kuwawa kwa kuguba wekha.

"Ba Tcheyamani," anawaitana, "Chiwelu tisinja kwanga. Munsi wachitatu ulipo."