Tambala wa Achimwene Aniceto

Tsiku la chinkhoswe chake, Teodoro, mlongo wanga wamng'ono, anatsekera achimwene athu aakulu, Aniceto, m'chisakasa cha kudimba. Akuti alendo a kuchikazi ochokera ku Chiputo asaone kuti kwathu kuli matenda.

Matenda ake ati? Achimwene sayang'ana munthu m'maso, phokoso likachuluka amatseka makutu n'kumadzigwedeza, ndipo nkhuku zawo amazikonda kuposa ife abale awo. Anabadwa choncho makolo athu ali ku Zambia kothawa nkhondo. Namwino wina ku Fingoè anati zimenezi amazitcha otizimu. Ine ndinangomvapo dzina la mmene achimwene alili, koma Teodoro anatola liwulo ngati ndodo yowakwapulira.

Amalume athu onse anamwalira, choncho nkhoswe inayenera kukhala achimwene. Teodoro anabwereka Baltazar, mnzake wa kumowa, n'kumuveka jekete. Ngati zimenezo sizinakwane, tambala wopereka kuchikazi anakamugwira m'khola la achimwene, wofiira uja amadya m'manja mwawo. Teodoro, munthu wokula ndi mazira a khola lomwelo! Ndinapsa mtima, ndipo ndinalumbira kuti lero aona.

Sindinapupulume. Ndinaphika, ndinapatsa alendo moni mogwada, ndinanong'oneza amayi anzanga kuti asaimbe nthungululu mpaka nditanena. Ankhoswe atakhala pamphasa kuti asinthane tambala ndi msoti, ndinathamangira kudimba n'kumasula waya wa pachitseko.

"Achimwene, tambala wanu akumupereka kwa alendo."

Anayenda molunjika, osapatsa aliyense moni. Anachotsa tambala m'manja mwa Baltazar n'kuyamba kumasula luzi la kumiyendo.

"Kodi awa ndani?" anafunsa a Belarmino, amalume ake a bwenzi la Teodoro.

"Ndi doenti chabe, wodwala wa pamudzi pano, asakusokonezereni fesita ya chinkhosweyi," Teodoro anayankha, thukuta lili kamukamu.

"Sindikudwala," anatero achimwene, maso ali pa tambala. "Ndine Aniceto. Mwamumanga kwambiri."

Apo ndinaimirira. Mawu anga anali okoma m'kamwa, sindibisa.

"Awa ndi achimwene athu aakulu, bere limodzi. Nkhoswe yathu ndi iwowa. A jeketewo ndi obwereka."

A Belarmino anayang'anitsitsa achimwene akusisita tambala wawo, kenako ananyamula msoti uja n'kuupanira m'khwapa.

"Iwe mnyamata," anatero kwa Teodoro, "mwana wathu akadzakuberekera wotere, udzamutsekera kuti?"

Alendo anakwera njinga zawo osalawa ndi chakudya chomwe. Baltazar anazemba ndi jekete yomwe.

Madzulo Teodoro anandipeza ndikutsuka miphika, maso ali psuu.

"Alongo, mwandiphera ukwati."

"Wokakupepesera ku Chiputo alipo mmodzi yekha," ndinatero osatembenuka. "Ali uko akudyetsa nkhuku. Ukagwade, ndipo ukalankhule motsitsa mawu. Phokoso salifuna."