Chitsulo cha Kumwezi mu Nandolo Wanga

Tandiyankhani ichi, inu amene mumati mitu yanu imagwira: chinatsika kuchokera kumwamba koma sichinaboole pansi, chilibe pakamwa koma chinandidyera nandolo. N'chiyani? Mwakanika? Musavutike kundibaira ng'ombe, khola ndilibe. Ingomvetserani, chifukwa ineyo chinandiyendetsa ngati nkhuku yofuna poikira masiku anayi athunthu.

Ine ndine Zelifa wa kwa Nkhulambe, koma kuno aliyense amangoti azakhali, ngakhale amene sitili nawo pa ubale. Munda wanga uli m'mphepete mwa msewu wopita kumsika. Chaka chimenecho chimanga chinakana, chinangwa tinagawana ndi mbuzi za anthu, koma nandolo yekha anabereka mpaka nthambi kugwada. Unali mwezi wa Ogasiti, makoko ena atauma, ena asanaume. Amene analimapo nandolo akudziwa kuti nthawi imeneyi sufuna ngakhale galu adutsemo, chifukwa khoko louma ukangoligunda limathetheka, mbewu n'kumwazikira m'dothi. Ndinkadikira sabata imodzi yokha kuti ndithyole. Nandolo ameneyo ndiye anali ndiwo zanga, mchere wanga, sopo wanga mpaka mvula.

Lachiwiri m'mawa ndikupita kumundako, ndinapeza njinga zili mbwee m'mbali mwa msewu, anthu ali m'mizere mwanga ngati pamaliro. Ndinadzipanikiza mpaka kutsogolo. Pakati pa munda panali chitsulo chozungulira, kukula kwake ngati ndowa yaikulu, chonyezimira, timabowo thupi lonse ngati sefa, mbali ina yakuda bii ngati yadutsa pamoto. Pambali pake panaima Dickson.

Dickson ndi mwamuna wa Rozaria, mwana wa mng'ono wanga. Anakhala ku Joni zaka zitatu, nabwerako ndi jekete yachikopa imene savula ngakhale dzuwa liswe mtengo, ndi pakamwa pamene sipatseka. Poti ndi mkamwini pathu, ine ndine apongozi ake. Mwambo wathu mukuudziwa: sitiyang'anana m'maso, sitiponyerana mawu. Chonena chilichonse chimadutsira mwa Rozaria. Choncho ndinangoima cham'mbali, mtima ukuwira, iye akulalikira m'munda mwanga.

"Bwererani m'mbuyo, abale! Ichi ndi chidutswa cha setilaiti, makina aja amazungulira kumwamba pafupi ndi mwezi. Kuda uku n'kupsa potsika. Ine ku Joni ndinkagwira ntchito moyandikana ndi kumene amaziulutsira."

A Hector, mphunzitsi wopuma wa m'mudzi mwathu, anatsitsa magalasi. "Ku Joni amaulutsako zimenezi, a Dickson? Ine sindinamvepo."

"Aphunzitsi, inu munkaphunzitsa za pansi pano, mitsinje ndi mapiri. Izi ndi zakumwamba, tisiyireni ife. Ndipo ndikuchenjezeni nonse: amene achikhudze, tsitsi lithothoka, mano agweluka, ndipo za kubereka aiwale."

Anthu anadumphira m'mbuyo onse pamodzi. Kumbuyo kwawoko kunali nandolo wanga. Ndinangomva thethethe, ngati chimanga chokazinga.

Ndinamukoka Rozaria. "Iwe, kawauze amuna ako achotse chinthu chawochi."

Anapita, nabwerera akuyang'ana zala zakumiyendo. "Akuti si chawo, amayi, n'cha dziko lonse. Akuti a boma ayenera kuchipeza pomwe chinagwera kuti adzayeze. Akuti mwina adzakupatsani chipukuta misozi."

"Uwafunse ngati chipukuta misozicho chimaphikika."

Pofika Lachitatu mbiri inali itadutsa Fort Lister, ena anachokera mpaka kwa Chiwalo pa kabaza. Dickson anazunguliza chingwe pachitsulocho, naika tebulo pamsewu kuti Rozaria azigulitsa thobwa ndi zitumbuwa. Ine ndinkangozungulira munda, uku kukankha ana a sukulu, uku kuchonderera azibambo, chitenje chili m'chiuno ngati ndikupita kukamenya nkhondo. Ukathamangitsa a kum'mawa, a kumadzulo alowa. Ndipo anthuwo sankangoona n'kumapita ayi. Ankakhala pansi, pamizere panga, n'kuyamba milandu ya dziko.

Mnzanga Belita, amene tinavinidwa limodzi, ndiye anayambitsa. "Ine zimandinyansa. Ndalama zonsezo kuwotcha kuti akaone mwezi? Mwezi umene ife timauona ulere titakhala pakhonde? Mlatho wathu chikokolokereni ndi madzi a namondwe uja, tikuwolokabe titakwinya zovala. Bwanji osabweretsa kuno chitsulo chimenecho chikadali chatsopano, tiyalepo?"

Goodman wa kabaza anaseka. "Agogo, popanda zinthu zimenezi foni yanu sikanalira. Mwana wanu wa ku Mozambiki uja mukanamumva bwanji?"

"Akamaimba amangopempha, bola isamalire."

"Komatu anthu anapondako kumwezi," anatero a Hector. "Kalekale, ine ndili mnyamata."

"Anakadzalako chiyani?" anafunsa Belita.

"Palibe. Kulibe madzi, kulibe mpweya."

"Ndiye anakatani? Munthu wanzeru angakwere njinga mpaka ku Muloza kukaona malo opanda madzi? Amenewo akazi awo ankawavuta kunyumba."

Anthu anagwa nako kuseka, ndipo pogwapo anagwera nandolo. Ine ndimakonda nthabwala kuposa onsewo, koma tsiku limenelo mano anga anayiwa sanaoneke.

Ndinayesa nzeru zanga. Ndinakuwa kuti ndaona mamba ikulowa m'mizere. Ndinkati athawa. Anyamata anathyola ndodo n'kuyamba kukwapula tchire lililonse kufuna njokayo, ndipo tchirelo linali nandolo. Madzulo ndinalengeza kuti munda ndinautsirika, wolowamo miyendo itupa. Mayi wina anandiyankha kuti, "Azakhali, mankhwala a kwa Nkhulambe angalimbane ndi a kumwezi? Anasukuluka kalekale." Ndinabwerera kunyumba, kalongonda amene ndinasiya pamoto atapserera, ine osamva ndi njala yomwe.

Lachinayi kunabuka wina mlandu. Goodman anajambula chitsulocho pafoni n'kutumizira anzake a ku Limbe. Dickson atamva anamugwira malaya.

"Fufuta! Ukudziwa kopiraiti iwe? Woyamba kuona chinthu ndiye mwini wa zithunzi zake zonse. Ndi lamulo la dziko lonse lapansi. Ukafuna kujambula uzipempha kwa ine."

"Dzana munkati n'cha dziko lonse."

"Chitsulocho n'cha dziko. Chithunzi n'changa."

A Hector anapukusa mutu. "Lamulolo silitero, a Dickson. Limateteza chimene munthu wapanga yekha, nyimbo, buku. Ichi munapanga ndinu?"

Dickson anatsokomola, n'kukonza kolala ya jekete. Ine ndinapezerapo mpata. Ndinayang'ana kuphiri la Michesi, n'kulankhula mokweza. "Rozaria, tawafunsa amuna ako. M'chithunzimo nandolo akuonekayo ndi wa yani? Ameneyo ndiye ndinapanga ndekha, ndi khasu. Ndiponso nyimbo ija ndinapeka pamtondo yonena za mkamwini waulesi, mudzi wonse ukuimba, mpaka pa ukwati wako anavina. Kopi-kopi wangayo ndikatenge kwa yani?"

Rozaria sanapereke uthengawo, koma unafika. Yankho linabwera kudzera mwa iye yemweyo. Akuti Loweruka, tsiku la msika, kubwera atolankhani a wailesi kudzacheza ndi a Dickson, ndipo anthu adzachuluka kuposa apa. Akuti ndisadandaule, dzina la munda wanga lidzamveka dziko lonse.

Ndinayenda m'mizere kuona chotsala. Mbali ya kumsewu inali itatha, nthambi zili pansi, nkhunda zikutola. Mbali ya kumtunda inali ikadalipo. Loweruka likanadutsa, ndikanakolola mapazi a anthu.

Kunena zoona, chitsulocho ndinkachiopa. Sukulu ndinangoinunkhiza, za kumwamba ndingazidziwire kuti? Koma Lachisanu m'mawa, ndikusukusula, ndinayamba kuwerengera mawu a mkamwini aja. Tsitsi lithothoka: ndinagwira kumutu, n'kupeza kuti lambiri linapita kale lokha. Mano agweluka: anayi, ndipo awiri akugwedera. Kubereka aiwale: ine? Mwana wanga womaliza ali ndi zidzukulu! Ndinaseka ndekha mpaka nkhuku zinathawa. M'mudzi monse muno, munthu amene mwezi sukanamulanda kanthu ndinali ine.

Ndinapinda nkhata, n'kulunjika kumunda. Anthu anali atayamba kale kusonkhana, Dickson ali kutebulo akufotokozera alendo mmene setilaiti imaonera ngakhale ndalama ili m'thumba. Ndinadumpha chingwe chija.

"Azakhali, mufa!" anakuwa Belita.

"Ukandiike ndi duku langa lofiira lija."

Ndinachigwira. Chinali chozizira ngati mtsuko, chopepuka kuposa mtolo wa nkhuni. Ndinachisenza pamutu n'kutuluka nacho. Anthu anapatuka okha, ena akudzitchinga kumaso ndi zipewa. Dickson anathamanga, koma atafika pafupi anaima. Mkamwini angagwire apongozi ake? Ankangozungulira ngati galu woona kanungu.

"Rozaria! Auze amayi atsitse! Auze akuphwanya lamulo!"

"Rozaria, uwauze kuti chikutentha, ndikukachiika pafupi ndi madzi chisaphulike."

Nditanena kuti madzi, Dickson anasintha nkhope. Kumtsinje kuli dimba lake, ndipo pa zonse zimene ndingamunenere, dimba amalitha. Tomato wake anali atapsa psuu, mitengo yomangidwa bwino ndi timaluzi, ogula a ku Mulanje atalonjeza kale kubwera Lolemba. Ndinatsetsereka ndi kanjira ka kumtsinjeko, m'mbuyo mwanga chinamtindi cha anthu, njinga, ana, agalu, azimayi ena atayambitsa nyimbo. Khosi linkawawa koma miyendo inkavina yokha. Ndinakankha kachitseko kaudzu ndi phazi, n'kuyenda mpaka pakatikati pa dimba, n'kutula bwinobwino ngati mwana wakhanda.

"Bwerani muone pafupi," ndinatero. "Ndachigwira ine, onani, mano onse anayi alipo."

Basi, mantha anatha. Mpanda unagwa nthawi yomweyo. Aliyense ankafuna kukhudza mwezi ndi dzanja lake. Wina ankachigogoda, wina kusuzumira m'timabowo, ena kukankhana kuti ajambulitse atachikumbatira. Pansi tomato ankangoti phwa, phwa, phwa.

Dickson anathamangira uku, nathamangira uko, manja ali m'mwamba. "Abale, pondani m'ngalande! Achimwene, phazi lanulo! Mayi inu, mwanayo akudya! Tulukani, chiphulika! Ndithu chiphulika!"

"Azakhali achisenza kuchokera kumsewu osaphulika," anatero Goodman, akukweza foni.

Mzere wachitatu utagwa, Dickson anasweka. Anakwera pachulu, n'kukuwa ndi mawu amene sindinawamvepo, opanda Chingerezi ngakhale chimodzi.

"Tulukani m'dimba mwanga! Palibe cha kumwezi apa! Ndi mgolo wa m'kati mwa makina ochapira zovala! Ndinautola kudzala ku Joni, tinkaotcherapo nyama ndi anzanga! Kudako ndi makala! Tulukani!"

Anthu onse anaima pomwe anali. Ngakhale agalu anakhala pansi.

A Hector anavula magalasi, nawapukuta pang'onopang'ono. "Mgolo wochapira. Chabwino. Nanga kuchokera ku Joni, unauluka bwanji mpaka m'munda mwa azakhali?"

Dickson asanayankhe, Rozaria anamutembenukira. Anamuyandikira, manja ali m'chiuno.

"Bambo a Madalo, ndiye katoni lija la kuseri kwa bedi, munkati muli kompyuta yodula, ndisamalikhudze, zaka ziwiri ndikusesa molizungulira, munali chimenechi?"

"Mayi, tikakambirane kunyumba."

"Ndi chifukwa chake munakachiika m'munda mwa azakhali, osati m'dimba mwanu muno," anatero Goodman. "Mumadziwa mapazi a anthu."

Belita anayandikira mgolowo, nausuzumira, n'kuununkhiza. "Eetu, fungo la mbuzi lilipo. Ine ndimati kumwezi kulibe madzi, nanga zovala amachapa bwanji? Kani wochapayo tili naye konkuno!"

Phwete loyamba linachokera kwa a Hector, munthu amene sindinamuonepo akuseka chiyambire. Kenako dimba lonse linaphulika. Azimayi ankagwirana mapewa, Goodman anagwa ndi njinga yomwe, ana ankagubuduza mwezi kupita nawo kumtsinje. Dickson pofuna kutsika pachulu mwaulemu anaponda tomato, naterereka, n'kukhala pansi thapsa, jekete yachikopa ili psuu mpaka m'khosi.

Ine, poti ndine apongozi, sindikanamuseka pamaso. Ndinatembenuka, n'kuyang'ana kuphiri, n'kudziphimba ndi chitenje kumutu. Koma chitenjecho chinkagwedezeka kwambiri moti Belita anachita kundigwira kuti ndisagwere mumtsinje.