Kalata ya ku Joni imene anawerenga Esime

Ndisaname, ana anga a pa sukulu ya kwa Nsamala ndinkanyada nawo. M'chaka cha 1947 munthu wodutsa pa msewu wa ku Balaka ankaima n'kumamvetsera ana makumi atatu akukweza mawu pamodzi, kutsitsa pamodzi, kupuma pamodzi pa mpumiro. Wophonya chilembo ankalawa kamtengo kanga ka bwemba. Koma kufunsa mwana kuti zimene wawerengazo akuti chiyani, iyayi, ndinkayesa kutaya nthawi. Munthu angatchule bwanji mawu a chinenero chake osawamva? Umo ndi mmene ndinkaganizira, ine mphunzitsi wathunthu wa kolala yoyera.

Mutu unkandiwawa ndi makolo. Abambo a ku mishoni anali atachenjeza kuti ana akangochepera makumi awiri ndi asanu, sukulu itsekedwa. Ndiye a Kachingwe, mwini mbumba wa banja lalikulu m'mudzimo, ankati achotsa ana asanu ndi mmodzi a alongo awo kuti azikatola thonje.

Makalata a amuna ogwira ntchito ku Joni ankafikira kwa ine, ndipo anali ndi kayendetsedwe kake. Ndinkayamba ndawerenga ndekha chamumtima. Mukakhala zovuta, ndinkapita kwa mwini mbumba, iye n'kuitana amayi akuluakulu kuti akakhale pansi ndi mkaziyo asanamuuze. Uthenga wa maliro supeza mkazi ali chiimire, ndipo sudzera pakamwa pa mwana. Zimenezi ndinkazidziwa bwino lomwe.

Loweruka lina makolo anabwera kudzafolera denga la sukulu. Dzuwa lili pamutu, a Jasten, katekisiti wathu, anafika pa njinga kuchokera ku Balaka ndi kalata ya a Salome, mlongo wa a Kachingwe. Amuna awo, a Goliati Laisi, anali ku Joni chaka chachitatu, ndipo makalata awo ankangokhala a moni ndi malonjezo a bulangete.

"Aphunzitsi," anakuwa a Kachingwe ali padenga, "sukulu yanuyi n'njoimbitsa ana basi. Thonje likuthothoka kumunda, iwo ali a-e-i-o-u. Adzadya zimenezo?"

Anthu anaseka. Ine mtima unandikwera.

"Tsikani mudzaone, a Kachingwe. Esime, tabwera!"

Esime anali mwana wa a Salome, wa zaka zisanu ndi zinayi, katswiri wanga. Ndinang'amba envulopu n'kumupatsa pepalalo osaliyang'ana. Malembedwe anali achilendo, koma a Goliati sankadziwa kulemba, kalata iliyonse inkabwera ndi dzanja lina. Anthu anasiya ntchito. A Salome anaima kutsogolo, mtolo wa udzu uli pamutu, akumwetulira.

Mwanayo anaphatikiza mapazi, nakweza chibwano monga ndinamuphunzitsira, nayamba ndi mawu okoma aja a m'kalasi:

"Alamu, ine ndine Blasius, mnzawo wa amuna anu. Ndikudziwitsani kuti a Goliati Laisi anadwala chifuwa milungu itatu. Anamwalira Lachiwiri m'mawa. Tinawaika konkuno. Jekete ndi bulangete lawo zibwera ndi munthu. Limbani mtima."

Sanaphonye chilembo n'chimodzi chomwe. Pa mpumiro uliwonse ankapuma, n'kupitiriza mosangalala.

Pali chinthu chimene sindinauzepo munthu kwa zaka zambiri, chifukwa manyazi ake amanditentha mpaka lero. Inenso sindinamve. Khutu langa linali pa mipumiro, maso ali kwa a Kachingwe, mutu ukugwedezeka kuvomereza. Pa mawu akuti "anadwala" ndikanatha kumulanda pepalalo. Ndinali kumwetulira mpaka mtolo wa udzu unagwa pansi.

A Salome anadziponya m'fumbi, nalira mokuwa. Amayi anathamangira kukawagwira, ena akubisa nkhope m'nsalu. A Kachingwe anatsika padenga pang'onopang'ono. Ndinayembekeza kuti anditukwana, mwina kundimenya, ndipo zikanandipepukira. Sanatero. Anangoyamba kuitana ana a alongo awo mmodzimmodzi, mayina awo onse, nawaloza njira ya kumudzi. Amuna ena anatsikanso, denga lili theka.

Ine amene ndinkalalikira makolo Lamulungu lililonse za ubwino wa kuwerenga, ndinaima pamenepo ndi envulopu yopanda kanthu m'manja.

Esime anali asanasunthe. Anapinda kalatayo bwinobwino, napinda mawondo, nandipatsira ndi manja awiri. Anayang'ana amayi ake akugubuduzika, kenako anayang'ana ine.

"Aphunzitsi," ananong'ona, "ndalakwitsa pati?"