Mwala Wotsala m'Thanki ya Wiseman

Njinga yamoto ya Wiseman inagona kuseli kwa nkhokwe kuyambila dzinja latha, yofunditsidwa masaka. Mwini wake anakokoloka nayo powolokela mtsinje, panjila yochoka kwawo ku Mwape kupita ku Nyimba. Mtembo anaupeza m'bango, njingayo anaifukula mumchenga madzi ataphwa. Anthu ankamukumbukabe ndi chizolowezi chake chogogoda thanki ndi kiyi, kho kho, akafuna kuti amene wamunyamula atsike.

Amene anavundukula masakawo anali mng'ono wake, Titus. Mkazi wa Titus, Febby, anali wotopa ndi pakati, ndipo anamwino anamuuza kuti mwana wagona mopingasa, akadikilile kuchipatala ku Nyimba mitsinje isanadzaze. Galimoto sinkafika m'mudzimo. Ngolo ya ng'ombe ikanamugwedeza tsiku lathunthu.

Injini Titus anakaikonzetsa kwa aDaka, makanika wa ku Petauke, koma thanki anamubwezela. M'kati munali dzimbili lokhalokha.

“Iyi ukachite wekha,” anatelo aDaka. “Uthilemo viniga, uponyemo timiyala, ukhutchumule mpaka mikono ikane. Utsuke, uyanike. Ikauma uthile mankhwala omatila awa, uziitembenuza pang'onopang'ono kuti afike paliponse. Koma mwala usatsalemo. Ukaumatila m'katimo, ndi wako mpaka kale.”

Kwawo kwa Titus ndi dothi lofiila, timiyala tosalala timapezeka powolokela pokha. Chimwalilile Wiseman, anthu anasiya kutapa ngakhale mchenga pamenepo, ankazungulila kumunsi. Titus anapita pomwepo, anayang'ana uku ndi uku, nadzaza thumba la buluku.

Febby anamupeza pansi pa mtengo wa mango akukhutchumula thankiyo.

“Miyalayi mwaitola kuti, aTitus?”

“Kumtsinje.”

“Mtsinje ndi wautali.”

Titus anapendeketsa thanki, munatuluka madzi ofiila onunkha chitsulo ndi matope akale. Anatsuka, nabwelezanso, mpaka madzi anayela. Kenako anakhuthula miyala ija pansi. Atanyamula thanki kuti akayanike, m'kati munalila kho.

Anaizondotsa, naigwedeza. Anapisamo waya, naunikamo ndi foni. Chitsulo chinali mbee, mwala sunaoneke. Koma akangoisuntha, unali kumveka ukugubuduka kuchoka uku kupita uko.

Kumapili mitambo inali itayamba kale kuda madzulo alionse. Kubwelela ku Petauke kukanamudyela masiku amene analibe. Thanki itauma anathilamo mankhwala aja, otuwa ndi onanda ngati phala, nayamba kuitembenuza m'manja mwake monga anauzidwila. Mwala unagubuduka kamodzi, kawili mwaulesi, kenako zii.

“Wagwidwa,” anadziuza yekha. Anaika thankiyo pampando kuti mankhwala alimbe.

Tsiku lotsatila, dzuwa lili pamutu, mphepo palibe, Febby anali kusenda nshawa pakhonde, Titus akupopa tayala. Thanki inali pampando paja, palibe amene anali pafupi nayo.

Kho. Kho.

Nkhuku zinadzutsa mitu. Titus anasiya pampu. Anachita manyazi kuyang'ana mkazi wake.

“Ndi chitsulo, chatentha ndi dzuwa,” anatelo.

Febby anapitiliza kusenda. “Ngati ndi alamu, muwauze kuti malo atha. Wachitatu ndamunyamula kale ine.”

Anaseka pang'ono onse awili, koma kusekako sikunafike patali.

Ananyamuka m'mawa mwake. Titus anamangilila chikwama ndi beseni kumbuyo, Febby nakhala chammbali, dzanja limodzi m'chiuno mwa mwamuna wake, lina pamimba. Njinga inali kuyenda bwino kuposa masiku a mwini wake. Kumwamba kunali koyela, kumapili kokha ndiko kunali bii.

Atayamba kutsetseleka kulowela powolokela, Titus anamva pakati pa maondo ake, momveka bwino kuposa phokoso la injini: kho, kho. Injini inatsokomola, nizima.

Anaponda kiki, osalila. Anapondanso mpaka thukuta linatsikila m'maso. Anatsegula chivundikilo, petulo anali wodzaza. Anazula kapaipi kotsikila ku injini, sikanadonthe ngakhale dontho. Anakumbuka kuti pothila mankhwala sanatokose kabowo kotulukila petulo, mtima unamupweteka ndi kupusa kwake.

Mtsinje unali pansi pawo pomwepo, madzi a m'kakolo okha, mchenga ukuonekela.

“Tsika, tiikankhe,” anatelo Titus. “Tikaona tili tsidya.”

Febby anali atatsika kale. Anamugwila malaya kumsana.

“Agogoda kawili, aTitus. Inu simunamve?”

“Febby, dzuwa likwela.”

“Khalani chete. Mvetselani.”

Kumtunda kunali kumveka ngati lole yolemedwa ikubwela, kumene kulibe msewu. Mbalame zinabuka m'bango. Kenako pokhota mtsinje panatulukila madzi abii, akukankha zitsa, mapesi ndi mbuzi yakufa miyendo m'mwamba. Asanapume kawili, mchenga umene akanakhala akukankhapo njinga unali pansi pa madzi opitilila munthu.

Anakhala pamthunzi kudikila kuti madzi aphwe. Febby anatulutsa nshawa m'chitenje, koma palibe amene anadya.

Dzuwa litapendeka madzi anaphwa, natsala a m'maondo, kenako a m'kakolo. Titus anabwezela kapaipi kaja osakhulupilila kanthu, naponda kiki kamodzi. Injini inalila.

Anafika ku Nyimba kusanade. Pachipata cha chipatala Febby anatsika movutikila, nawongola chitenje. Asanatenge chikwama anaika chikhato pathanki, ngati mmene munthu amagwilila phewa la mnzake.

“Mwatipelekeza, alamu,” anatelo chapansipansi, nalowa.

Titus anagwedeza njinga yonse uku ndi uku, khutu lili pathanki. Munali kumveka petulo yekha.

Pobwelela m'mawa anali yekha. Atafika pamtsetse paja anazimitsa injini ndi dzanja lake, naponda pansi. Mtsinje unali wodekha, wosaya, ana a ng'ombe akumwa tsidya lina. Iye anakhalabe pomwepo, manja pachiwongolelo, kudikila kuti amve ngati aloledwa kuwoloka.