Msewu Umene Ndinasalaza

Ine Hamilton Zimba ndayenda, Durban ndi Dubai ndikudziwako. Buludoza yakale ya matcheni, imene amakanika onse a mu Kafue anaikana, ndinaidzutsa ndi manja angawa, pongodzisangalatsa. Itangolira, ndinapita nayo ku Nangongwe kukasalaza msewu mwaulere. Akuluakulu anali kuntchito, ndipo ndinagumula mitumbira yonse ya dothi imene inali mumsewumo, ana akundiwombera m'manja.

Sindinafunse kuti mitumbirayo inali yachiyani. Eni nyumba anaiunjika dala kuti izipatutsa madzi.

Mvula itagwa, ndinapeza amai Misozi, ogulitsa makala, akukapa madzi m'nyumba, matiresi atayanikidwa pampanda.

"Ba Zimba, msewu wanu ndi wabwino," anatero osandiyang'ana. "Madzi afika msanga."

Ndinavula jekete, n'kubwereka khasu lawo, n'kuyamba kuunjikanso dothi pakhomo pawo.